Mwamuna Wogona Masana

Ngwee! Kasikuluwu kanagwa pa simenti pakati pa usiku. Mayi wa khanda anadzidzimuka, nagwira kaye mwana, kenako n'kusuzumira kuseri kwa katani. Amuna ake anali pomwepo, atawerama pansi pa nyali, akulumikiza timawaya ta foni ya kasitomala.

Bambowa ndi chibadwire chawo. Kusukulu ankawodzera mpaka aphunzitsi anatopa nako kukwapula. Atalembedwa ntchito pa shopu yokonza mafoni, masana mutu unkangokhala ngati wadzaza thonje; anapsereza mafoni a eni ake, nachotsedwa. Koma anthu akagona, maso awo ankayera mbee, manja osanjenjemera, nzeru zili gwa. Kukacha ankagona mpaka dzuwa kupendeka. Pa mdadada wa nyumba za lendi anawatcha Akadzidzi.

Kumpopi mayiyo ankangozimeza zonyoza za amayi anzake.

"Amake mwana, alonda anu adzuka? Amalondera chiyani, poti mbale zanu n'ziwiri zokha?"

Kenako kwa aneba kunabedwa wailesi. M'mawa mwake eni nyumba anafika pakhomo, anthu ali pambuyo.

"Amuna anu usiku wathawu anali m'nyumba?"

Mayiyo anaona nkhope zonse zija. Usiku umenewo anagonadi ngati wakufa, mwana atamuchezetsa ndi chifuwa. Koma akanatha kunena kuti amuna ake satuluka, poti ankadziwa.

"Ine kaya, ndinagona," anatero.

"Ngati wofunda nawo bulangete limodzi akuti kaya, ife titani? Chikasowanso china, mundipatse makiyi anga."

Bambowo anamva zonse ali pabedi. Sanafunse kanthu, ndipo kusafunsako n'kumene kunkamuwotcha mayiyo. Choipa china, chiyambire tsikulo ankadzuka pa kaphokoso kalikonse kukaona ngati alipo.

Usiku uwu, kasikuluwu kaja katagwa, maso awo anakumana. Mayiyo anagwetsa nkhope.

"Abambo ake, bwanji mungoyesako kugona ngati anzanu?"

"Ndinayesa, mayi. Munaona chimene chinachitika. Kapena tizidya tulo?"

"Akatithamangitsa tilowera kuti ndi mwanayu?"

Bambowo anazimitsa chowotcherera mawaya.

"Kuyambira mawa ndizigwirira pakhonde. Ndikokera nyali panja, udzudzu undidye. Aliyense wopita kuchimbudzi azindiona ndi maso ake. Nanunso muzigona, mulekeretu kudzandiyendera."