Bokosi Lomwe A Diso Anadziyezera

A Diso anali kalipentala wa mabokosi a maliro, ndipo shedi yawo inali kumapeto kwa msewu, pomwe magalimoto amatembenukira. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala. Munthu akabwera kudzagula bokosi, iwo sankatulutsa tepi yoyezera. Ankangofunsa kuti, "Poyerekeza ndi inuyo, malemu anali bwanji?" Woferedwayo akaloza paphewa kapena pamwamba pa mutu wake, a Diso ankamuyang'ana kamodzi, kumutu mpaka kuphazi, n'kutulutsa bokosi lokwana ndendende. Tsono diso lotere silipuma. Mayi wogulitsa makala kutsidya kwa msewu ankati akapatsidwa moni, ankakuwa kuti, "Musandiyang'anitsitse, akulu, ndikadali ndi ana aang'ono!"

Anali munthu wofatsa, wamasiye, wa mwana mmodzi wamkazi amene anakwatiwa pafupi ndipo ankawabweretsera chakudya Loweruka lililonse. Zaka makumi atatu zowerama pa benchi zinawasiyira msana wowawa. Choncho mmawa uliwonse ankameza mapiritsi awiri opha ululu ndi tiyi, m'mimba mulibe kanthu, masananso awiri.

Kenako kunabwera moto. Unkayaka pansi pa chifuwa, pomwe nthiti zimakumana, makamaka njala ikawapeza. Akadya unkazilala, pakapita maola awiri n'kuyambanso. Ankageya pafupipafupi, mimba n'kumafufuma. Mankhwala awo anali soda, amene ankasunga m'kachitini pashelefu, pakati pa misomali ndi guluu.

Motowu ankaudziwa. Bambo awo, amene anawaphunzitsa ntchitoyi m'shedi yomweyo, ankagwiranso pamalo pomwepo, n'kumamwa soda yemweyo. "Ntchito yathuyi imadya mwini wake," ankatero mkuluyo. "Ukamapala thabwa, nawenso ukupalika m'kati." Tsiku lina anasanza zakuda ngati nsenga za khofi, ndipo sabata isanathe a Diso anawakhomera bokosi. Kuyambira pamenepo ankadziwa kuti tsiku lawo lidzabwera mwa njira yomweyo. Kuchipatala akanakanenako chiyani? Ntchito sichiritsika.

Lachiwiri lina, chimbudzi chawo chinatuluka chakuda bii, chonanda ngati phula, cha fungo lachilendo. Sanauze munthu. Lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anadzuka pa benchi ndipo m'shedi munachita mdima ngati wina watseka chitseko. Anagwira khoma mpaka kuwala kunabwerera. Mabokosi anali chiimire m'mbali mwa khoma, zivundikiro zili pambali, ngati zipinda zodikira alendo. Pa chivundikiro china chopaka vanishi anaona nkhope yotuwa, ya masaya olowa. Inali nkhope ya bambo awo.

Pamenepo m'pamene anamva kugogoda. Go, go, go. Sikunali kwa pakhomo. Anayenda bokosi ndi bokosi, kusuzumira m'kati, koma munali utuchi wokhawokha. Akakhala pansi kugogodako kunkachepa. Akanyamula thabwa kunkakula, kufulumira, ngati wogogodayo watopa kudikira.

"Ndamva," anatero a Diso. "Mundilole ndikonzeke."

Diso lawo linkayeza aliyense, koma mwini wake silikanamuyeza. Anayala thabwa pansi, n'kugonapo chagada, n'kulemba ndi pensulo kumutu ndi kuzidendene. Masiku atatu anagwira ntchito akupumira m'njira, chifukwa sankafuna kuti mwana wawo adzavutike, kapena kuti adzagonekedwe m'bokosi la kalipentala wina wokhoma misomali yokhota.

Loweruka masana mwana wawo anafika ndi chakudya. Anapeza shedi ili zii, nyundo ili pa benchi, nsapato zili pafupi ndi bokosi latsopano. Atasuzumira anaona bambo ake atagona m'katimo, manja pachifuwa, maso ali kudenga. Mbale zinagwa.

"Usakuwe, mwanawe," anatero a Diso. "Ndimangoona ngati mapewa akukwana."

"Bambo! Mwapenga? Tulukanimo!"

"Ndikanatuluka, koma ndikadzuka kukumachita mdima."

Mwanayo anagwada, n'kuwatsegula chikope cha m'munsi ndi chala. M'kati munali moyera ngati pepala. Anawafunsa mafunso molimba, ngati kholo ndi iyeyo, mpaka anaulula za moto, za soda, za chimbudzi chakuda, ngakhalenso za ogogoda aja.

"Ndi agogo ako," anatero a Diso. "Njira yake ndi yomweyi. Usataye nthawi."

"Agogo anapita kuchipatala?"

"Ayi."

"Ndiye inu mupita. Akakubwezani, bokosi lanu silithawa, lilibe miyendo."

Anaitana galimoto. Dalaivala ataona wodwalayo akutulutsidwa m'bokosi la maliro anafuna kuthawa, koma mayi wa makala anamugwira malaya.

Kuchipatala anawayeza magazi n'kupeza kuti atsala ochepa kwambiri, ndipo anawaonjezera ena tsiku lomwelo. Mmawa mwake anawalowetsa kapaipi ka kamera kudzera kukamwa. Atatsitsimuka, dokotala, mayi wa magalasi, anakhala pafupi ndi bedi n'kuwaonetsa chithunzi. Pakhoma lofiirira panali kachilonda kozungulira.

"Ichi ndi chilonda cha m'mimba, bambo, ndipo chimatuluka magazi. Magazi akadutsa m'matumbo amada, n'chifukwa chake chimbudzi chinali chakuda. Tachitseka."

"Nanga ogogoda aja?"

"Ndi mtima wanu. Magazi akachepa umathamanga, ndipo mumaumva m'makutu."

A Diso anatchera khutu. Kugogoda kuja kunalipo ndithu, koma patali, pang'onopang'ono.

Dokotala anafotokoza kuti zinthu ziwiri ndi zimene zimayambitsa zilonda zambiri zotere, ndipo iwo anali nazo zonse. Choyamba ndi mapiritsi opha ululu monga bulufeni ndi asipilini, amene amafooketsa khoma la m'mimba. Chachiwiri ndi tizilombo timene timakhala m'mimba zaka zambiri mwakachetechete. Soda amangoziziritsa moto kwa kanthawi, chilonda chili chikulire. Anawalembera mankhwala opha tizilomboto a masabata awiri, ndi ena ochepetsa asidi oti amwe nthawi yotalikirapo.

"Ululu ukatha musasiye, mumalize onse, kenako mudzabwere tidzaone ngati tizilomboto tatha. Za msana tikupatsani mankhwala ena. Fodya ndi mowa ayi. Mukadzaonanso chimbudzi chakuda kapena kusanza magazi, musadzatenge pensulo, mudzatenge galimoto."

"Ndiye si ntchito imene inadya bambo anga?"

"Sindinawaone, sindinganene motsimikiza. Koma matabwa sayambitsa zilonda. Tizilomboti timapatsirana m'banja, kudzera m'malovu, m'zakudya ndi m'madzi, nthawi zambiri munthu akadali mwana."

A Diso anatembenuka kuti aone ngati mwana wawo wamva. Iye anali ataima pawindo, akuyang'ana panja. Kuyambira dzulo lake anali asanadye kanthu. Dzanja lake lamanja linali pansi pa chifuwa, pomwe nthiti zimakumana, likusisita pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa n'komwe.

"Mwanawe," anatero a Diso. "Pamenepo payamba liti?"

Dzanja linatsika msanga. "Si kanthu, bambo. Ndi njala chabe. Ndikadya pamasiya."

"Adokotala, musapite kaye," anatero a Diso, akudzikoka kuti akhale tsonga. "Ameneyu anakulira m'nyumba mwanga. Mumuyeze lero lomwe, ine ndikuona."