Msana Wanga ndi Dengu la Tiyi

Sukulu ya mishoni ku Makwasa ndinaisiyira sitandade fili, mutu utadzaza kale moti aphunzitsi ankandiopa. Atsibweni anga ananditengera ku esiteti ya tiyi, ine ndili ndithu andipatsa cholembera. Anandipatsa dengu. Dengu loti ng'ombe ingagonemo ndi mwana wake!

Akapitao, a Likaka, anangoti, "Masamba awiri ndi kansonga. Ndodo iyi uziigoneka pamwamba pa tiyi, usatchole pansi pake. Woima mumzere wa tiyi ndi waulesi, amapita kwawo."

Kupita kwathu sikukanatheka. Nyumba ya amayi inali pamalo a esiteti, ndipo khomo lopanda wogwira ntchito ankalisamutsa.

Tsono ine ndine wamtali ngati bulugama, tiyi amandilekeza m'ntchafu. Tsiku lonse chiweramire. Kuwonjezera apo, zingwe za dengu ndinazimasula kuti lizilendewera m'matako, poti kulikweza kumsana ndinkati ndi kubereka mwana, za azimayi. Masamba ndinkawapondereza ndi phazi kuti alowe ambiri. Miyezi itatu, msana unayamba kulira ngati chitseko. Kuyetsemula kokha ndinkaona makolo anga onse.

A Namakhwa, mayi wa mzere woyandikana nane, anatopa ndi kubuula kwanga. "Iwe wasukulu, dengu amabereka! Bwera kuno." Anakweza zingwe, nandimanga kansalu m'chiuno zolimba. Anandiuza kuti ndikaweruka amayi azindithowa ndi kansanza ka madzi otentha, kenako mafuta a nsatsi, ndizigona pamphasa maondo atapindika. Koma chenicheni chinali ichi: ukafika kumapeto kwa mzere, tula dengu, manja m'chiuno, pindikira kumbuyo pang'onopang'ono, kenako gwira nthambi ya mtengo wamthunzi ulendewere mpaka msana unene kuti go.

"Koma ubise," iwo anatero. "Ife timachitira kuseri kwa mtengo."

Ndinabisa masabata awiri. Ndiye m'mawa wina wa dzinja, tiyi ataphuka ngati wapenga, a Likaka anandipeza ndili lende panthambi.

"Esiteti yalemba nyani tsopano? Tsika! Ukachitanso, iwe ndi amako mukagone kutchire."

Ndinatsika, kubereka dengu, kulowa mumzere. Pofika pakati, msana unagwira ngati wina wandibaya ndi mkondo wamoto. Ndinadziwa kuti ndikapitiriza chiweramire, mawa sindidzuka, ndipo nyumba ipitabe. Ndinakwawa mpaka kumapeto, kutula dengu pamaso pawo penipeni, manja m'chiuno.

"Akapitao, ine ndikudziwongola. Onani bwinobwino, mwina mungaphunzireko."

A Likaka anakweza ndodo. Apo ndi pomwe a Namakhwa anatula dengu lawo, nawonso manja m'chiuno. Kenako mayi wina. Kenako mzere wonse, misana ikulira go go go mpaka ku Bvumbwe anamva. A Likaka anayang'ana tiyi wosatchola uja, kuyang'ana ife. Angathamangitse ndani masamba akukhwima pamtengo?

"Fulumirani, anyani inu," anatero, natembenuka.

Msana sunachireretu, ayi. Kukazizira umandikumbutsa, ndipo amayi amatenthetsabe madzi, m'nyumba yomwe ija. Koma mzere uliwonse ndikamaliza ndimaima poyera, osati kuseri kwa mtengo. Tiyi akadulidwa amaphukanso. Msana ndinapatsidwa umodzi, ndipo pa esiteti sindinaulembetse.