Agogo Alejedile

Fungo la polishi wa nsapato likangondipeza, ndimabwerera pakhonde pathu ku Kawale, pomwe agogo, bambo awo a bambo anga, ankakhala m'mawa uliwonse akupukuta nsapato zomwe sankapita nazo kulikonse, wayilesi ikulira pambali, utsi wa mbaula za aneba ukutiyabwa m'maso. Anali womasulira kukhoti, ndipo atapuma pantchito anabwerako ndi nsapatozo komanso liwu limodzi lachingerezi: alejedile.

Ukawauza kuti minibasi yagubuduka ku Biwi, iwo: "Alejedile." Ukati kunja kukugwa mvula, ankayamba atulutsa dzanja pawindo. Ana a m'dera lathu tinangowapatsa dzina lomwelo, ndipo ankavomera.

"Tanthauzo lake ndi 'akuti'," anandiuza tsiku lina. "Kalekale kwa azungu linali liwu la munthu wolumbira pamaso pa woweruza. Koma anthu analumbira zabodza mpaka liwulo linatopa. Lero ndi la nkhani yopanda umboni."

Nthawi imeneyo bambo anali ku Joni. Pamalo otungira madzi panabuka mphekesera yoti amayi akuyenda ndi telala wina wa kumsika. Azakhali anatulukira ali wefuwefu, akufuna kuti amayi alongedze katundu abwerere kwawo ku Dedza tsiku lomwelo. Ine ndinakakamira chitenje cha amayi.

"Kawale yense akudziwa, bambo!" anatero azakhali.

"Alejedile. Iweyo unaona?"

"Anandiuza mayi ogulitsa madzi aja."

"Iwowo anaona?"

"Akuti anamva kwa..."

"Kamuitane Akutiyo adzalumbire pano," anatero agogo, burashi ili m'manja. "Chomwe ndaona ine ndi maso angawa n'chakuti mayi a mwanayu ndi amene amanditsuka bala la pamwendoli tsiku ndi tsiku. Pamenepo palibe alejedile. Sapita kulikonse."

Amayi sanachoke. Pomwe bambo ankabwerako, nkhaniyo inali itafa yokha, ndipo awiriwa akalambira limodzi. Ndinawakonda agogo tsiku limenelo kuposa kale lonse.

Lero foni yanga imadzaza ndi nkhani zongotumizirana, ndipo ndisanatumize kwa wina ndimayamba ndafunsa kuti anaona ndani. Anzanga amati ndimavuta. Koma liwulo linandikanika kamodzi. Amayi atandiimbira foni kuti agogo atisiya, pakamwa panga panangotuluka kuti, "Alejedile."



"Ayi, mwanangu," anatero amayi. "Ndawatseka maso ndine."