Mchombo wa Mwana Wanga Uli M'bokosi la Besi

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo ake a mwanayu. Mchombo wa mwana wanga sunakwiriridwe. Uli m'bokosi la sipika, ndipo pafupifupi Loweruka lililonse umapita ku harusi, ndiwo maukwati kwathu kuno.

Ndiyambe ndi besi. Amuna anga amaimba gitala ija yaikulu yoimika pansi, ya zingwe zinayi, yotalika kuposa eni akewo. Ndi ya kutchalitchi kwathu kuno ku Mbamba Bay, ndipo palibe amene amakumbuka kuti inabwera bwanji. Ukakhala pafupi mawu ake amakoma, amafika mpaka m'mimba. Koma pa harusi kiyibodi ikangoyamba, anthu ankangoona munthu akulimbana ndi kabati, thukuta lili kamukamu, osamveka kanthu. Mayi anga anandifunsapo ngati ntchito ya mkamwini wawo ndi kuigwirizira kuti isagwe.

Ndili ndi pakati, amuna anga anaganiza zokhoma bokosi loti lizikweza mawu. Linayenera kukhala laling'ono, lomangika kumbuyo kwa pikipiki, njinga yathu yamoto, pakuti besiyo payokha imadya kale malo a anthu awiri. Pulayiwudi anaipeza pa kauntala ya duka, kasitolo kena kotsekedwa, sipika anaichotsa m'basi yakufa, ndipo kachitsulo kathyathyathya kotola mawu anakamata pa kathabwa kamene zingwe zimatsamirapo. Ine ndili ndi satifiketi ya uphunzitsi wa ana a mkaka, ndinaitenga ku Songea, choncho ntchito yanga inali kugwira tepi ndi kuvomera. Anandiphunzitsa kuti bokosi lawo lisamapume, pakangotsala kampata mawu amathawira pomwepo. Anatinso m'kati mufunika zidutswa za matiresi kuti mawu asamabwebwete ngati mumgolo. Matiresi athu a alendo anathera pamenepo.

Mwana anabadwa bokosi litatsala thabwa lakumbuyo lokha. Ndili m'chikuta, amayi awiri anasamukira kwathu. Mayi anga ndi a ku Nkhotakota, anawoloka nyanja ndi malonda ine ndisanabadwe. Apongozi anga ndi a ku Lipingo, tsidya lomwe lino. Pa chinthu chimodzi chokha ankagwirizana, chakuti kwawo kwa munthu ndi kumene kunakwiriridwa mchombo wake. Utangogwa, mayi anati uwoloke nyanja ukagone kuseri kwa nyumba ya makolo awo. Apongozi anati patsinde pa nthochi zawo pali kale michombo ya ana awo onse, ndipo malo alipo. Ankakangana pakhonde, wina m'Chichewa, wina m'chinenero chakwawo, akapsa mtima onse n'kulowa Chiswahili kuti aneba nawo amve.

Ine ndinali m'chipinda, kamchombo kouma kali m'manja. Ndinaopa kuti wina alowa n'kungokatsomphola. Ndinakaponya m'kachitini kakale ka mafuta odzola, n'kukakankhira pakati pa zidutswa za matiresi m'bokosi lija, limene linali yasa pakona. Ndinati kagone mmenemo mpaka akuluakulu atopa.

Kutacha tinapita ndi mwana kusikelo. Pobwera ndinapeza amuna anga atakhala pabokosi, guluu akutuluka m'mbali, nkhope ili mwee.

"Musandidzutse, amake mwana. Guluu sanagwire."

Anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, chakudya ndinawapatsira pomwepo. Kenako anamanga masikuluu kuzungulira, nakankha sipika ndi zala kuti ndione mmene ikubwererera pang'onopang'ono. Anati umenewo ndi umboni woti ngakhale nyerere singalowe. Ine ndinkaganiza zotuluka.

Mwina mukuti bwanji sindinangonena. Zinthu zimenezi kwathu sitiuza amuna, ndipo kutsekula kukanatanthauza kung'amba thabwa ndi tchizulo, amayi awiri ali pakhonde makutu ali tcheru. Ndiye mayi anga atandifunsa, ndinati ndapereka kwa apongozi. Apongozi atafunsa, ndinati mayi atenga. Aliyense anamanga katundu wake nachoka akudziwa kuti wagonja. Mpaka lero akakumana pamsika amapatsana moni wa anthu ogulitsa tomato moyandikana.

Tsiku loyesa bokosi, besi inalira bwino moti nkhuku zinathawa pabwalo. Koma akakhudza chingwe chachikulu chija, chotsika kwambiri, m'kati munkamveka kenakake, tseketseke, ngati njere imodzi m'chisekese. Ine ndinadziwa mawu a mwana wanga.

Amuna anga anayamba kusaka. Anamanganso masikuluu. Anatulutsa masipuni onse m'nyumba. Anakwera padenga kukakhomerera malata, anaimba mlandu buluzi, anandivulitsa ndolo. Fundi wina, wokonza mawailesi, anamvetsera nati mwina sipika ikukumbukabe msewu wa ku Mbinga. Ine ndinkathandiza nawo kusakako, mwana kumsana, kusuzumira pansi pa bedi ndi nkhope yachidwi.

Chodabwitsa n'chakuti ku harusi anthu anakakonda. Ankati besi ya bambo uja imabwera ndi maseche ake. Azimayi ankadikirira chingwe chachikulu kuti atyole chiuno. Oitana anachuluka, Liuli, Lipingo, mpaka kumapiri, ndipo amuna anga anasiya kusaka n'kuyamba kunena kuti anachita kukonza dala.

Ine ndiye tulo tinatha. Ndinaphunzira za kakulidwe ka ana, ndikudziwa kuti kachikopa kouma sikalamula moyo wa munthu. Ndinalembapo mayeso pa zoterezi. Koma pikipiki ikanyamuka, besi itagona chopingasa, bokosi lili pambuyo, ndinkaona mudzi wa mwana wanga ukukhota pakona. Bokosi litanyowa ndi mvula, mwana anayetsemula. Litagwa pamsewu wa ku Liuli, ndinamuvula n'kumuyang'ana pamimba, bambo ake akundionetsa chigongono chawo chosupuka chimene sindinachifunse. Atayamba kukwawa sankapita kwa ine kapena kwa bambo ake, ankalunjika kumsewu. Ndinkadzifunsa kuti akadzakula, anthu akamufunsa kwawo, adzaloza kuti? Munthu wotani amene kwawo ndi harusi za eni?

Kenako kunabwera bambo wina wa ku Tingi, mwini bala, kudzapempha bokosi longa lomwelo. Amuna anga anakhoma lachiwiri, miyeso yomweyo, guluu yemweyo, matiresi a mlamu wanga. Linalira bwino, mwaukhondo, lopanda tseketseke. Bamboyo analibweza. Amuna anga anayesa kuponyamo njere za chimanga, mikanda, kamwala, koma bamboyo ankangopukusa mutu kuti si zimenezo. Pomaliza anati basi tisinthane, iye atenge lakale, atisiyire latsopanolo pamodzi ndi sipika yaikulu ya m'bala mwake. Amuna anga maso anawala. Anagwirizana kuti adzalitenga akatha mapemphero Lamulungu.

Mchombo wa mwana wanga ukakhale m'bala ku Tingi, pashelefu, pakati pa mabotolo.

Lamulungulo ndinaitana amayi onse awiri, aliyense osamuuza kuti mnzake abwera. Bambo wa ku Tingi atafika ndi pikipiki yake, anandipeza nditakhala pabokosi pakati pa bwalo, mwana pamiyendo. Ndinalankhula mawu amene ndinawakonza ngati phunziro la m'kalasi. Ndinati bokosili linakhomedwa mwanayu ali m'mimba, linatsekedwa iye atangotuluka m'chikuta, choncho ndi mapasa, ndipo mapasa salekanitsidwa.

Amuna anga anandiyandikira, nanong'ona.

"Amake mwana, ndi pulayiwudi iyi."

"Ndikudziwa, bambo ake. Ndinagwira tepi ndine."

Mayi anga anayang'ana apongozi, apongozi anayang'ana mayi. Kwa nthawi yachiwiri chibadwire mwana anagwirizana, anati uchembere woyamba umasokoneza mutu, asiyeni, asakakamizidwe mkaka ungaume. Apongozi anawonjeza kuti kwawo kunali mayi wina amene ankayamwitsa mtondo. Bambo wa ku Tingi anapepesa kwambiri, ngati wafika pamaliro osadziwa, nabwerera ndi sipika yake yaikulu. Amuna anga anakhala masiku angapo osandilankhula bwino, koma bokosi linatsala.

Linatsala, koma silinasiye kuyenda, ndiye ndinaganiza kuti ngati mudzi sukhala pansi, mwini mudzi aziutsata. Tsopano Loweruka pikipiki imanyamula amuna anga kutsogolo, besi chopingasa, ine, mwana kumsana, bokosi pambuyo penipeni nditaligwira ndi dzanja limodzi. Anthu m'njira amatiimika kuti atijambule. Pa harusi ndimakhala pafupi ndi bokosi, mwana nditamutseka makutu ndi thonje, ndipo amagona tulo tofa nato besi ikugunda. Azimayi akutchalitchi amanditama kuti ndine mkazi wokonda mwamuna wake. Ena amati ndi nsanje.

Nthawi zina amuna anga akapita kunyanja ndimatenga tchizulo n'kukhala pafupi ndi bokosilo. Ndikalitsekula, ndiye ndikaukwirire kuti, ku Nkhotakota kapena ku Lipingo? Ndipo besi ikadzalira mwaukhondo pa harusi yotsatira, azimayi atadikirira chingwe chachikulu, ndidzayang'ana kuti? Ndimabweza tchizulo m'thumba la zida.

Inu amene munakwirira michombo ya ana anu pamalo amodzi n'kugona tulo, tandiuzani. Ndinachita bwino kukhala pabokosi paja, kapena ndikanangolola kuti kwawo kwa mwana wanga kukhale ku Tingi, kumene mwina kukanakhala kokhazikika?