Mano a Tadala Amene Tinaponya Padenga

Tinanyamuka ku Chibavi, mu Mzuzu muno, m'mamawa Lachiwiri, chifunga chisanachoke, ine ndi mwana wanga Tadala wa zaka zisanu ndi zinayi. Tinkapita kuchipatala chachikulu kukaonetsa mano ake. Awiri am'mwamba anaguluka chaka chatha, tinawaponya padenga monga timachitira kwathu ku Dedza kuti ena amere, koma mpaka lero m'kamwa muli mipata. Denga limenelo ndi limodzi ndi la a Nyagondwe, oyandikana nafe, amene sabata yomweyo anakwezapo munthu, ati akamate podontha. Podontha mu Okutobala? Ine si mwana.

Potuluka tinawapeza a Nyagondwewo akusesa, n'kutipatsa moni m'Chitumbuka. "Mwawuka uli, amake Tadala? Ulendo wa kuti?"

"Kutauni," ndinayankha. Munthu wotere sumuuza kumene ukupita.

Wa kabaza wa njinga yamoto anatchula 3,000 kwacha, ati mafuta akusowa. Ndinati 2,000, iye n'kuvomera msanga moti ndinayamba kukayikira mabuleki ake. Tinadumpha maenje mpaka kufika pa tala, Tadala ali pakati pathu. Potsika mkuluyo anamuseka: "Iwe mwana, mano wagulitsa?" Tadala anatseka pakamwa ndi dzanja. Zimandiwawa zimenezi. Kusukulu amamutcha agogo, ndipo anasiya kuseka pagulu.

Pageti la chipatala ndinagula nthochi zitatu, n'kudya imodzi ndekha kaye. Pabenchi ya kumano tinakhala mpaka dzuwa litakwera, pafupi ndi bambo wina wotupa tsaya ngati wabisamo mbatata. Mayi amene anali kumanzere kwanga anasuzumira m'kamwa mwa Tadala osapempha.

"Ameneyu wina anatola dzino lake, mama. Fufuzani pafupi," anatero monong'ona.

Ndinamuyamikira, komabe chikwama ndinachisunthira kumanja.

Cha m'ma 11 anatiitana. Dokotala wa mano anali mtsikana, wamng'ono kuposa mng'ono wanga, ndipo ndinati mumtima apa tataya mafuta. Anaunika m'kamwa nthawi yaitali, kenako anafunsa: "Mayi, mwanayu anadwalapo matenda aakulu ali wakhanda?"

Ndinamuyang'ana. Wamuuza ndani? Nkhani imeneyi ku Mzuzu sitinauzepo munthu.

"Khansa ya impso," ndinatero. "Asanakwanitse zaka ziwiri. Tinakhala miyezi ku Blantyre pa madiripi. Kodi yabwerera?"

"Ayi, m'kamwamu sindikuonamo zimenezo. Tiyeni tijambule."

Chithunzi chitatuluka anachiloza ndi bolopeni. Pansi pa mano ena panali timano tatsopano tikudikira. Pa mipata iwiri ija panalibe kanthu. Anati mano a ukulu amayamba kupangika m'nsagwada mwana adakali kubere, ndipo mankhwala amphamvu aja nthawi zina amawononga mbewu yake. Ena amamera aang'ono, ena samera n'komwe.

"Ndiye palibe amene anatola?" ndinafunsa.

"Ngakhale mukanawatsekera m'sutikesi, mayi. Akadzakula tidzamuikira ena. Koma onani apa." Analoza mano awiri otafunira, a ubwana. "Awanso alibe owalowa m'malo. Muwasamale ngati maso. Osawagwedeza, osamangirira ulusi, ndipo muzibwera naye."

Ulusi unali kale m'nyumba, ndinkafuna kuzula mano omwewo Loweruka kuti mwina atsegulire anzawo njira.

Masana tinadya tchipisi pachiwaya cha kunja kwa geti. Tadala ankatafuna pang'onopang'ono. Kenako anati, "Amama, ndiye mankhwala aja anatenga mano anga?"

"Anatenga mano, n'kundisiyira iweyo," ndinatero. Misozi inalengeza, ndinanamizira utsi.

Tinabwerera ndi wa kabaza wina wosalankhula, amene ndinamukayikiranso. Kunyumba a Nyagondwe anali pakhonde ndi mzimbe.

"Mwawerako? Tadala, tola uwu, ngwakunowa chomene."

Atamva kuti ngokoma kwambiri, mwanayo anatambasula dzanja, ine n'kulanda mzimbewo. A Nyagondwe nkhope inagwa. Za munthu wa padenga uja sindinazimvetsebe, koma ulendowu unandiphunzitsa kuti ndinkalondera denga pamene zofunika kulondera zili m'kamwa mwa mwana.

"Ndibwerekeni mpeni," ndinawauza. "Ameneyu sasenda ndi mano. Kuyambira lero tizimudulira ting'onoting'ono."