Njinga ya Chotsamira Chobiriwira

Ndinaona njinga zamoto zisanu ndi ziwiri ndisanagule yanga. Chiwerengerocho ndikuchidziwa chifukwa ndinkalemba zonse m'kabuku, chizolowezi chimene ndinachoka nacho ku nyuzipepala, kumene ndinkatola nkhani za kuno kummawa mpaka tsiku limene anatiuza kuti atolankhani tachuluka.

Njingayo sindinkaifunira matama. Amayi anga, amene amakhala kumudzi ku Chipangali ndi mlongo wanga, amadwala shuga, ndipo chaka chimenecho anatuluka chilonda pakakolo. Anamwino a pa chipatala chaching'ono cha kwathuko sanabise mawu: chilondacho chizitsukidwa sabata iliyonse, ndipo akadumphitsa kangapo mwendo udzadulidwa. Kuyenda pansi sakanatha. Pa ngolo ndi ulendo wa m'mawa wonse, ndipo mvula ikagwa ng'ombe zimakhala kumunda. Anyamata onyamula anthu pa njinga zamoto ankabwera tsiku limene afuna okha. Ine ndinali ndi nthawi yambiri, ndi ndalama zotsala pa zimene anandipatsa pondichotsa ntchito. Zinkangokwana theka la mtengo wa njinga yatsopano.

Makaniko wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata, mnzanga wa kusukulu, ndiye anandiphunzitsa kaonedwe kake. Ufike m'mawa, ugwire injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, ndiye kuti mwini wake wailiza kale kuti usaone mmene imavutira polira. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Mano amene tcheni chimayendapo akasongoka ngati minga, yayenda kwambiri, ngakhale nambala ya makilomita inene zina. Nambala ya pa injini ifanane ndi ya pa mapepala, chilembo ndi chilembo.

Zisanu ndi imodzi zoyambazo zinalephera. Ziwiri ndinazipeza zofunda. Ina inalibe mapepala, mwini wake akuti ali ndi achimwene ake ku Lusaka. Ina inkakokera kumanzere ngati ng'ombe yozolowera khola lina.

Yachisanu ndi chiwiri ndinaipeza ku Nabvutika, kuseri kwa nyumba ya njerwa zosapaka, itafunditsidwa lona. Mwini wake anali bambo wachikulire wolankhula motsitsa, amene anati msana wamukaniza kuyendetsa ndipo tsopano akukhala kwa mwana wake. Injini inali yozizira. Inalira nditangoponda kamodzi. Utsi sunkaoneka, tcheni chinali chodzozedwa bwino, manambala anafanana. Mpando unkamveka kafungo ka mankhwala otsukira pansi m'chipatala, ndipo m'kabuku ndinalemba kuti: mwini ndi waukhondo.

Inali ndi zinthu ziwiri zimene zinazo zinalibe. Kumbuyo kwa mpando anawotchererapo zitsulo ziwiri zogwira thabwa lalitali lopakidwa utoto wobiriwira, lofika m'khosi mwa munthu wokhala. Pa zopondera za wokwera kumbuyo panali malegeni opindidwa ngati zingwe za nsapato, oti phazi lilowemo. Nditaziona ndinaganiza za amayi. Munthu wofooka atsamira apa, phazi lodwala silitsetsereka. Ndinaona ngati wina anaipangira ine.

"Inayendapo m'misewu yakumudzi?" ndinafunsa.

"Moyo wake wonse," anatero bamboyo. "Inu mukaiyendetsa kuti?"

Ndinatchula dera la kwathu. Anayang'ana tayala lakutsogolo.

"Kumeneko ikukudziwa," anatero.

"Inagwapo?"

"Ayi. Sindinkathamanga nayo."

Mtengo umene anatchula unali wotsika kuposa ndalama zanga. Sindinanenerere n'komwe. Makaniko uja ataimvetsera masana ake anagwedeza mutu. "Iwe, wamubera mdala ameneyu. Injini iyi sinavutikepo."

Lachiwiri lotsatira ndinanyamuka m'mawa kupita kumudzi, chifukwa tsiku la amayi kuchipatala linali Lachitatu, ndipo sabata yapitayo anali atadumphitsa kale. Pa phula panalibe chachilendo. Zinayamba nditakhotera m'msewu wafumbi. Bambo wina amene ankapalasa njinga yakapalasa atanyamula matumba a mtedza anatsika, n'kuvula chipewa. Patsogolo pang'ono amayi atatu osenza nkhuni anapatukira m'udzu n'kugwada. Pa kagolosale kena anthu ankasewera nsolo. Anasiya, n'kuimirira, manja kumbuyo. Palibe anandibayibitsa, ngakhale ana. Ndinaganiza kuti mwina chifukwa cha chisoti akundiyesa wansembe, ndipo ndinkawakwezera dzanja.

Nditaima pabwalo la kwathu, mlongo wanga anatuluka m'khitchini atanyamula beseni. Anayang'ana njingayo, osati ine. Anaika beseni pansi mosamala, nayenso n'kukhala pansi pomwepo.

"Ndani?" anafunsa.

Ndinavula chisoti. "Ndine, iwe. Wayamba khungu?"

"Achimwene, mwaitenga kuti imeneyi?"

Amayi anali pakhonde, mwendo wodwala atausanjika pa kampando. Iwo ndiwo anandiuza, mawu awo ali phee ngati akufotokoza za mitengo ya feteleza. Munthu akamwalirira kuchipatala chathu chija, galimoto yobweretsa mtembo kumudzi ndi ya anthu a ndalama. Ena onse ankaitana bambo uja amene anandigulitsa njingayo. Malemuyo ankamuveka jekete ndi chipewa, n'kumukhazika pampando wakumbuyo chokhala, msana pa thabwa lobiriwira. Ankamumanga ndi zitenje ziwiri, china pachifuwa, china pamphumi. Mapazi ankawalowetsa m'malegeni. Ndiye bamboyo ankayendetsa pang'onopang'ono mpaka pasiwa.

"Amalume ako anabwera pomwepo," anatero amayi. "Iwe unafika tsiku loika, sunaone."

Ndinaimbira bambo uja foni nditaima pa chulu, pamene pamagwira netiweki.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munafunsa za injini, ndinakuyankhani. Munafunsa za mapepala, ndinakuonetsani. Munalemba zonse m'buku lanu lija. Ndinaona kuti ndinu munthu wodziwa zimene mukufuna."

"Ndikubwezereni."

"Ndalama zanu zili kale pa denga la mwana wanga, bambo. Malata. Koma njingayo ilibe mlandu. Onse amene inawanyamula inawafikitsa."

Ndinayesa kugwedeza thabwalo. Zitsulo zake zinali zowotcherera ku chimango cha njinga, ndipo wowotcherera wapafupi anali ku Chipata. Komanso popanda thabwalo amayi sakanakhazikika. Mlongo wanga anati ngakhale nditalichotsa anthu amaidziwa kulira kwake, chifukwa imalira motsitsa kuposa zinzake.

Amayi anakana. "Ndikwera tsiku langa likafika, osati ndili maso."

Sindinawakakamize. Ndinangopempha mlongo wanga kuti amasule nsalu ya pachilonda tione. Fungo linafika pamene ndinaima. M'mphepete mwa chilondacho munali mutayamba kuda. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anauza mlongo wanga kuti amange.

M'mawa mwake ndinawapeza atavala kale. Anasankha chitenje chowala kwambiri chimene anali nacho, chachikasu cha maluwa ofiira, ndipo duku analimanga mokweza kuti nkhope yonse ioneke. Phala anakana, akuti msewu uwasanzitsa. Mankhwala awo a shuga anamwa.

"Zinthu ziwiri," anatero titawakweza. "Usandimange ndi kanthu. Ndipo mapazi anga asalowe m'zimenezo."

Anaponda pamwamba pa malegeniwo, n'kundigwira m'chiuno.

Njira imene anaipeza okha inali yolonjera. Aliyense amene tinakumana naye ankamuyamba patali, mokweza. "Mwadzuka bwanji kumeneko? Ndine ndemwe, musagwade." Kwa bambo wina amene anali atagwira kale chipewa anati, "Bwezerani chipewacho, dazi lingapse ndi dzuwa." Kwa mnzawo wa kumphakati wa kutchalitchi anati, "Amake mwana, nyimbo musungeko kaye, sindinakonzeke." Anthu ankaseka mochedwa, titadutsa kale. Ine ndinayamba kumasuka.

Titawoloka kamtsinje kamene kali pakati pa ulendowo, tinadutsa anthu awiri osawalonjera. Kenako manja aja anamasuka m'chiuno mwanga. Ndinamva mutu wawo ukugunda pamsana panga, kubwerera ku thabwa, kugundanso.

"Amayi."

Sanayankhe.

"Amayi, tatsala pang'ono."

Thupi la munthu wamaso limathandiza woyendetsa. Pokhota limakhota naye, pa bampu limadzigwira. Limene linali kumbuyo kwanga linkangotsatira msewu ngati thumba la chimanga. Ndinachepetsa liwiro kuti asagwe, ndipo ndinazindikira kuti pa liwiro limenelo njingayo inasiya kunjenjemera konse. Inkayenda mosalala kuposa mmene ndinaimverapo chiigulireni. Mnyamata wina woweta ng'ombe anavula kapusi.

Kenako ndinamva kukhwekhwereza. Phazi lodwala lija linali litatsetsereka ndipo linkakokeka m'fumbi.

Ndinaima pafupi ndi mjigo. Sindikanatsika, chifukwa akanagwa. Ndinaponda pansi ndi mwendo umodzi, n'kupisa dzanja kumbuyo. Phazilo linali lofunda. Ndinamva mpweya wawo pakhosi panga, wochepa koma ulipo. Ndinakweza phazilo n'kulilowetsa m'legeni. Ndinachita chimodzimodzi ndi linalo. Ndinavula jekete langa, kulizunguliza kumbuyo kwa thabwa ndi m'khwapa mwawo, n'kumanga manja ake pamimba panga. Zonse zinakwanirana bwinobwino, popanda chovuta.

Pa mjigopo panali mayi mmodzi. Anali atasiya kupopa, madzi akusefukira m'ndowa, akundiyang'ana. Ndinafuna kumuuza kuti ali moyo. Koma nthawi inali kutha. Ndinaliza njinga.

Mlonda wa pachipatala atationa anathamangira kukatsegula geti lakumbuyo, la ku kanyumba kosungiramo mitembo. Ndinalowera lakutsogolo. Anamwino anawabaya chala n'kunena kuti shuga watsika kwambiri, chifukwa chomwa mankhwala osadya. Anawaika diripi. Pasanathe ola amayi anatsegula maso n'kufunsa amene wawavula nsapato. Chilonda anachitsuka, n'kudula mnofu wakufa m'mphepete. Namwino wamkulu anandiuza kuti tikanadikira sabata ina akanatitumiza ku chipatala chachikulu, ndipo kumeneko nkhani ikanakhala ya mpeni.

Foni yanga sinalire tsiku lonselo, chifukwa pachipatalapo sipagwira. Tinanyamuka dzuwa litapendeka, amayi atadya mabanzi awiri ndi tiyi. Za jekete ndi malegeni sindinawauze. Pobwerera analonjeranso anthu, koma ambiri sankayankha. Ankangoima n'kutiyang'ana mpaka titapitirira.

Pa mphambano yolowera kwathu tinapeza masamba aawisi ataikidwa mopingasa msewu, chizindikiro chakuti m'mudzi muli maliro.

"Ndaninso?" anatero amayi. "Yenda pang'onopang'ono, upereke ulemu."

Masamba ena anali pa kanjira ka kunyumba kwathu.

Mayi wa pa mjigo uja anali ataimbira mbale wake wa m'mudzi mwathu, kumuuza zimene anaona ndi maso ake zikuchitikira amayi anga: mwana wawo waima panjira, wawalowetsa mapazi, wawamanga. Mlongo wanga anayesa foni yanga kambirimbiri osaipeza. Pofika masana katundu wa m'chipinda chochezera anali atatulutsidwa panja, mphasa zitayalidwa. Azimayi a kumphakati anali m'nyumba. Azibambo anali pansi pa mtengo wa mango, ndipo pambali pawo panali mulu wa nkhuni zazikulu zoti zidzayake pamaliropo.

Nditazimitsa injini nyimbo inalekera pakati. Palibe anathawa, palibe anakuwa. Anthu onse aja anangoyang'ana munthu wa chitenje chachikasu atatsamira thabwa lobiriwira, ndipo kwa kanthawi amayi nawonso sanagwedezeke. Ankayang'ana mipando yawo ili pabwalo, ndi kabati yawo, ndi chithunzi cha ukwati wawo chitatembenuziridwa kukhoma.

Mlongo wanga ndiye anayandikira. Anawagwira pamkono, kenako patsaya.

"Nditsitse, iwe," anatero amayi. "Mwendo wachita dzanzi."

Anthu anabalalika mwakachetechete, aliyense atanyamula mphasa yake. Ena anabwera kudzagwira amayi dzanja, ena anazemba osatsanzika. Mipando tinailowetsa tisanadye.

Ndinawanyamulabe Lachitatu lililonse mpaka mvula itatha, atadya kaye, ndipo chilondacho chinatseka. Mwendo ulipo, amayendera ndodo. Koma nkhuni za tsiku lija anakana kuti tizisonkhe, ngakhale m'mwezi wozizira pamene mlongo wanga ankapita kutali kukatola zina. Anatiuza kuti tiziunjike kuseri kwa nkhokwe, pa miyala kuti chiswe chisadye, ndipo tizifunditse lata lakale.

"Anthu anavutika kuzidula," anatero. "Asadzavutikenso kawiri."