Mpando wa Amayi Unkafulatira TV

Ndikukumbukira bwino nyumba ya a Namakhwa, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi pomwe ndinakulira ku Thyolo, chifukwa ndi mokhamo mmene munali TV m'kompaundi yathu yonse. Inali yaing'ono kumaso koma ya chimsana chachikulu kumbuyo, ndipo inkayendera batire ya thirakitala imene a Namakhwa ankakatchajitsa ku fakitale Lachisanu lililonse. Ife tinali a mpingo wa Sabata, choncho Loweruka sitinkayandikirako. Koma Lamlungu masana, tikangomaliza kuchapa mayunifolomu, ana tonse tinkathamangira kumeneko n'kukhala pansi mothinana ngati nthochi pa mkoko. M'nyumbamo munkamveka fungo la thukuta, la polishi wofiira wa pansi, ndi la tiyi wofota lomwe mphepo inkabweretsa kuchokera ku fakitale.

Munthu mmodzi yekha ndi amene TV ija inkamukana, ndipo anali amayi anga. Amayi ankathyola tiyi, ndipo maso awo anali otchuka. Ankaona masamba awiri ndi kansonga ali patali, manja n'kumangotsatira. Ine Esinati, mwana wawo wamkazi, ankandiona shuga pamlomo ndisanalowe n'komwe pakhomo. Koma akangokhala pa TV mphindi ziwiri, maso aja ankayamba kulengeza misozi. Ankati chithunzicho chikuphethiraphethira, kuyaka ndi kuzima mothamanga, pamene ife tonse tinkaona chili phee. Kenako mutu waching'alang'ala unkawagwira mbali imodzi, mseru n'kubwera, ndipo m'mawa mwake dengu lawo la kumsana silinkadzaza.

Anthu sankasowa chonena. Ena ankati n'chilango, a Sabata saloledwa zoterezi. Akazi a kapitawo anakhumudwa ndithu, poganiza kuti amayi akunyansidwa ndi m'nyumba mwawo. Ku chipatala cha pa esiteti anawapatsa mankhwala a mutu n'kuwauza kuti azimwa madzi ambiri. Bambo anga, omwe ankagwira ntchito yofotetsa tiyi ndipo ankadziona ngati katswiri wa makina onse, anadula pulasitiki yobiriwira imene othyola tiyi amavala podziteteza ku mame, n'kukaimata pagalasi la TV kuti kuwala kuchepe. Tsiku limenelo wowerenga nkhani anabiriwira, osewera mpira anabiriwira, ndipo mpirawo unasowa mu udzu. Amayi anadwalabe chimodzimodzi, a Namakhwa n'kuwapempha bambo mwaulemu kuti luso lawo lizithera ku fakitale. Kuyambira pamenepo amayi anangoisiya TV ija, ndipo sizinkawadandaulitsa kwenikweni.

Zinasintha chifukwa cha achimwene anga a Fanuelo, oyamba kubadwa m'banja mwathu. Ankaimba besi mu kwaya ya kutchalitchi, mawu aakulu otuluka m'kathupi kowonda. Chaka china kwaya yathu inakaimba ku msonkhano wa misasa ku Thekerani, ndipo kunali munthu wa kamera amene anajambula nyimbo zonse. Mvula itagwa, achimwene anadwala malungo aakulu. Sanathe sabata. Pakhomo panatsala nsapato zawo, buku lawo la nyimbo, ndi kachithunzi kamodzi ka pa chitupa cha kusukulu komwe sankaoneka ngati iwo.

Patapita miyezi ingapo, mkulu wa mpingo anabwera ndi tepi ya msonkhano uja. A Namakhwa anabwereka deki yoonetsera matepi kwa kalaliki wa ku ofesi, ndipo Lamlungu lotsatira kompaundi yonse inasonkhana, ena akusuzumira pawindo. Amayi anavala chitenje chatsopano, anakhala pampando wa kutsogolo, manja ali pamaondo. Nyimbo inayamba. Ndinawaona akulimbana, akutong'ola maso, akupukuta misozi, akutong'olanso. Ndime yoyamba isanathe anagwira pakamwa n'kuthamangira panja, ndipo tinawamva akusanza kuseri kwa nthochi. Atamaliza analira, kulira komwe sindinawamvepo ngakhale tsiku la maliro. Mwana wawo anali mu TV muja, akupuma, akuimba, koma iwo okha ndiwo sakanatha kumuona.

Anabwerera m'nyumba. Ananyamula mpando uja n'kuutembenuza kuti uyang'ane kukhomo, msana wawo uli ku TV. Kenako anandikoka dzanja n'kundiimika patsogolo pawo.

"Iwe Esinati, uziona ndiwe. Ine uzindiuza. A kapitawo, tabwezerani tepiyo."

Ndinali mu sitandade faifi. Ndinayang'ana pagalasi paja, ndipo ndinawasakasaka achimwene mpaka ndinawapeza. Anali pamzere wa kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mayi wina wamtali wa duku lalikulu. Kamera inawadutsa kawiri kokha, ndipo chomwe chinkaoneka ndi khutu, phewa ndi theka la chipumi. Ndinayang'ana amayi. Maso awo ofiira aja anali pa ine, akudikira.

"Aima kutsogolo, amayi," ndinatero. "Avala shati yoyera ija. Akumwetulira."

Nyimbo inapitirira. Ndinadziwa kuti aliyense waona zomwe ndaona ine, ndipo ndinadikira kuti wina anditsutse. A Namakhwa anatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Eya, ndi momwemo, mayi. Mnyamata uja watchena."

Basi bodza lija linakhazikika. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse deki inkabwerekedwa, mpando unkatembenuzidwa, ine n'kuima pamalo panga. Ndipo poti ndinabadwa ndi pakamwa pothamanga, bodzalo linkakula. Mwezi wina achimwene anakweza dzanja poimba. Mwezi wina mtsogoleri wa kwaya anawagwira paphewa. Ana anzanga, omwe ankandineneza ngakhale ndikaba mango amodzi, sanaululepo ndi tsiku limodzi lomwe. Akazi a kapitawo aja, omwe kale anali okhumudwa, ndi amene ankawakonzera amayi mpandowo. Amayi ankamvetsera besi ija, akundiyang'ana osaphethira, ndipo mutu sunkawapweteka. Ine ndinkapita kunyumba ndili wonyada ndiponso wamantha.

Zaka zinapita. Bambo anatisiya, amayi anapuma pantchito n'kubwerera kumudzi kwathu ku Kapichi, ine ndinakhala mphunzitsi ku Limbe. Tepi ija inachita nkhungu ndi chinyezi cha ku Thyolo, koma ndinapeza munthu amene anaipukuta n'kusamutsira nyimbo ija mu fulashi, kachipangizo kosungira makanema. Ndinkaganiza kuti ma TV amakono opyapyalawa athetsa vuto lija, koma amayi atabwera kudzandiona, yanga inawadwalitsa pa nkhani za masana zomwe. Mphunzitsi mnzanga wa sayansi ndiye anandimasulira. Anati ma TV ambiri amaphethiradi mothamanga kwambiri, makamaka ukachepetsa kuwala, ndipo pali anthu ena omwe maso awo amamva zimenezo. Anandionetsa kuti ukaloza kamera ya foni pagalasi, TV yophethira imaonetsa mizere yakuda ikuyenda. Ndinakhala pansi ndikumva chisoni, chifukwa zaka zonsezo amayi ankanena zoona, ife n'kumati ndi matenda achilendo.

Ndinayenda m'masitolo a mu Limbe masana atatu, foni ili m'manja, ndikupempha kuti achepetse kuwala pa TV iliyonse. Wogulitsa wina anandifunsa ngati ndatumidwa ndi akuba. Wina anati, "Amayi, mukugula kapena mukujambula filimu?" Tsiku lachitatu ndinaipeza, yosaoneka bwino kwenikweni, koma pafoni panalibe mzere ndi umodzi womwe. Nditafika nayo kunyumba chimwemwe chinatha, mantha a mu sitandade faifi aja n'kubwerera. TV imeneyi inali yoti ikawaonetse amayi mwana wawo, komanso ikawalande mwana woima kutsogolo uja amene ndinawapatsa ine. Inakhala m'katoni miyezi iwiri.

Ndinapita nayo ku Kapichi Lamlungu lina la chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi yonse m'njira. Tinailumikiza ku sola, ndinaika fulashi, amayi anakhala kutsogolo manja ali pamaondo ngati kale lija. Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri inatha. Maso awo anali ouma, ali gwa pagalasi. Kamera inadutsa pa mayi wa duku uja, n'kuonetsa khutu, phewa ndi theka la chipumi.

"Bwezera," anatero. Ndinabwezera katatu. "Khutu ilo ndi la bambo ake."

"Amayi, ndinkakunamizani," ndinatero. "Zaka zonse zija. Pepani."

Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono. "Iwe, Fanuelo wamanyazi uja akanaima kutsogolo? Ndinamubereka ndine. Ndipo shati yoyera ija anaiiwala pachingwe tsiku lopita ku Thekerani. Ndinaianula ndekha."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kuti usiye? Iwe ukamanama umakweza nsidze ngati iyeyo. Ndinkamuonera pa iwe."

Masiku ano m'makompaundi a tiyi TV si yachilendonso. Ana anga amaonera aliyense pafoni pake, chogwada, osalankhulana, ndipo palibe amene amafuna mnzake womuuza zomwe zikuchitika. Zithunzi zake n'zowala, sizinjenjemera, batire ya thirakitala palibe akuikumbuka. Sindikunena kuti kale kunali bwino, chifukwa ndinawaona amayi akusanza kuseri kwa nthochi. Koma ndimalakalaka chipinda chothinana chija, chomwe anthu onse a m'kompaundi, akulu ndi ana omwe, anagwirizana osapangana kusunga bodza la kamtsikana kamodzi. A Namakhwa anamwalira, akazi awo anabwerera kwawo ku Nsabwe, ndipo sindinawathokozepo.

TV ija ili ku Kapichi, ndipo amayi amaonerapo nkhani ndi makwaya popanda mutu kuwawa. Koma ndikapita kukawaona n'kuika nyimbo ya ku Thekerani, amadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kutembenuza mpando wawo kuti uyang'ane kukhomo. Ine, mayi wa ana atatu, ndimaima patsogolo pawo.

"Tandiuza, Esinati. Lero waima pati?"

"Kutsogolo, amayi," ndimatero. "Avala shati yoyera ija."